Mapiritsi Amene Unasiyira Amayi Ako

Lonjezo mwana wanga,

Lero sindinapite ku siteji ya kabaza. Njinga ndaitsamiritsa pa mtengo wa manachesi kuseri kwa nyumba, ine ndakhala pomwepo ndi kope la mlongo wako pabondo, kukulembera mawu awa dzuwa likadali pamutu. Iwe wapita ku Thambani kukatsazika anzako. Ndikanatha kukudikira kuti tilankhule pamaso, koma umandidziwa. Ine ndikachita mantha ndimakalipa, ndipo ndikakalipa iwe umangoyang'ana zala za kumapazi n'kumati, "Ndamva, Bambo," chonsecho mawu anga adutsa pamwamba pa mutu. Ndiye ndati bola ndilembe, pepala silikweza mawu. Ndikupatsa mawa pokwera, ndipo ukamawerenga ukhala utadutsa kale pa malire a Zobue, basi ya ku Joni ikukutengera kumene ine sindingafike ndi njinga.

Ndiyambe ndi chimene chandilepheretsa kupita kuntchito. M'mawa uno ndimafuna zigamba za chubu m'chitini chija chimakhala pamwamba pa chipupa. Nditapisa dzanja ndinagwira kajumbo kakuda komangidwa bwinobwino. Ndinamasula, ndipo ndinapezamo mapiritsi ako a TB. Sindikanawasokoneza ndi ena, popeza ndine amene ndakhala ndikuima pambali pako m'mawa uliwonse ukuwameza, kuyambira tsiku limene anakupeza ndi chifuwa chachikulu. Ndinaitana amayi ako.

"Amake Lonjezo, izi zikutani muno?"

Iwo anayamba kupukuta mbale imene inali youma kale.

"Wandipatsa yekha mwanayo dzulo. Akuti, 'Amayi, mmene mukutsokomoleramu ndi mmene ndinayambira ine. Ine ndachira, tandionani. Awa atsale ndi inu, ine ndikapeza ena konko.'"

"Ndiye inu n'kulandira?"

"Nanga ndikanatani, mwana akundipatsa ndi manja awiri, misozi ili m'maso? Mukanakhala inu mukanamubweza?"

"Mwamwapo kale?"

"Ayi. Ndimati ndiyambe iyeyo akanyamuka."

Ndinakhala pansi pakhonde. Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Mwana amene wakonda mayi wake, kapena mayi amene walephera kukana mphatso ya mwana wake? Mapiritsiwo ndawabwezera m'chikwama chako, ali m'kati mwa chipewa cha ubweya chimene amayi ako akulukira. Ndi ako, Lonjezo, onse. Mutu wa kalata ino ndi umenewo, zina zimene ndilembe m'munsimu ndi nthambi chabe.

Sunachire. Ndikudziwa kuti ukumva bwino m'thupi. Masaya abwerera, thukuta lija linasiya, dzana unanyamula thumba la makala wekha n'kumandiyang'ana cham'mbali kuti ndikuyamikire. Ndinakuona, ndipo mtima wanga unasangalala. Koma kumbukira zimene ananena adokotala tsiku lija tinakawauza za ulendowu. Anavula magalasi n'kukuyang'ana. Kenako anati, "Achimwene, matenda awa amangogona, safa msanga. Mukasiya mankhwala panjira adzadzuka ali olusa, ndipo mapiritsi omwewa sadzawamvanso." Anakupatsa oti akusunge mpaka utapeza chipatala kumeneko, ndi kalata yoti ukaonetse. Anawerengera munthu mmodzi. Ukagawa pawiri suchira iwe, sachiranso amayi ako, mungokhala mukuwaweta matendawo nonse awiri.

Sindikukuimba mlandu. Khalidwe limeneli waliyamwa m'nyumba muno. Ife chilichonse timagawana: sopo timadula ndi ulusi, dzira limodzi limazungulira mbale za ana onse, bulangete munkafunda limodzi ndi abale ako mpaka linasanduka ukonde. Tinakuphunzitsani kuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi. Koma kugawanako tinakufikitsa mpaka ku mankhwala. Chitini chomwe chija, iwe usanabadwe n'komwe, chinali chipatala cha nyumba ino. Munthu akamva bwino pang'ono ankasiya kumwa, otsalawo n'kuponya m'menemo kudikira wina. Mudzi wonse umatero. Mwana wa nyumba yoyandikana amabwera n'kugwada pakhomo, "Akuti ngati muli ndi kotsala, akhanda atentha thupi," ndipo munthu umapereka ndi mtima woyera ngati ukupereka mchere. Si umbuli wokha ayi. Ndi mtunda, ndi mitsinje ikadzaza, ndi tsiku la ganyu limene limatayika munthu akapita kukaima pamzere. Amene ali ndi galimoto pakhomo sindinamuonepo akutuma mwana kukapempha kotsala.

Zaka zonse zimene ndapalasa njinga iyi ndanyamula odwala ambiri, ndipo msana wanga unaphunzira kuwasiyanitsa ndisanatembenuke n'komwe. Alipo amene amakwera okha. Amakhala bwino pa kushoni, amagwira kachitsulo ka pansi pa chishalo, amacheza nawe za mvula ndi za mpira, mwinanso kudandaula kuti ukuwagwedeza m'mabampu. Ndiye alipo amene timachita kuwamanga. Abale amamunyamula munthu, kumukhazika pa kaliyala, n'kutenga chitenje kuchizunguliza kumsana kwake mpaka pamimba panga, mfundo n'kumanga pa mchombo wanga kuti asagwe m'njira. Mutu wake umagona pa phewa langa, kutentha kwa thupi lake kumadutsa malaya anga. Wina amathamanga pambali atagwira miyendo kuti isalowe m'masipoko. Ndikuuze zoona, mwana wanga: sindinamangepo chitenje munthu wolandira malipiro a pamwezi. Onse amene ndinawamanga ndi anthu a m'midzi yathu yomwe ino.

Kunali alangizi a zaulimi amene anatumizidwa kuno kuchokera kumpoto, anthu abwino, aulemu wawo. Tsiku lina m'mawa akazi awo anandiimitsa, mwana ali m'manja. "Abambo, tithamangitseni kuchipatala, mwanayu sali bwino." Ndinamuyang'ana mwanayo: chimfine chabe, ndipo njira yonse ankangondikoka malaya n'kumaseka. Mumtima ndinati anthu a ndalama amasewera nacho chipatala. Pobwerera mayiwo anati, "Akuti n'chifuwa chikungoyamba kumene, tachita bwino kufulumira." Posapita nthawi mwanayo anali akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Masana a tsiku lomwe ndinanyamula mayiwo, pa kaliyala yomweyo, ndinamanga azakhali ako a Felesiya.

Iwe unali wamng'ono, mwina umangokumbukira kuti ankakupatsa manachesi osenda kale. Alongo anga amenewo anayamba kudwala mvula ikugwa. Ankamva kupweteka m'mimba ndipo ankaonda tikuona, koma ukawafunsa ankati, "Achimwene, ndipita, manachesi angopsa kaye. Ndikapite ndi chiyani, manja okha?" Ukudziwa mmene timachitira kuno. Chilichonse chimadikira manachesi: fizi, malata, ngakhale ukwati. Ife tinkafuna kuti matenda nawonso azidikira manachesi, kuyesa kuti ali ndi makutu. Atapsa, azakhali ako anati mavenda a ku Blantyre afika, akachoka pakhomo ana agulitsa motchipa. Manachesi atatha anati akolole kaye nandolo. Pamene ankavomera kupita sankathanso kukhala tsonga. M'njira anandinong'oneza kukhutu, "Achimwene, nandolo ndamusiya padzuwa, mukawauze ana alowetse." Kuchipatala chathu anangowaona n'kutitumiza ku Boma. Kumeneko namwino wina wachifundo anandifunsa motsitsa mawu, "Bambo, munali kuti miyezi yonseyi?" Ndinangopotokola chipewa m'manja. Ndikanati chiyani, kuti timadikira zipatso? Tinabwera nawo kumudzi atagona, ndipo nandolo uja tinadya pa maliro awo.

Mawu amene unawauza amayi ako, akuti "ndikapeza ena konko," ndi mawu omwewo a azakhali ako, angovala malaya ena. Ndikapeza konko, ndikalandire kaye, ndikakhazikike kaye. Mawu otere ndimawaopa. Usadikire malipiro oyamba, usadikire kudziwa njira, usadikire kuti mapiritsi atsale ochepa. Ukangofika, msuweni wako Yohane, amene wakupezera ntchito ya zomangamanga, akuperekeze kuchipatala ukaonetse kalata ya adokotala. Ndamuuza kale pafoni, ndipo ndamuchenjeza kuti akachita ulesi ndidzamukoka makutu ngakhale ali ndi ndevu tsopano.

Ulendo wenweniwo usakuiwalitse. Chipewa chili ndi mapiritsicho uchitulutse m'chikwama chachikulu, chikhale pathupi pako, chifukwa katundu wa pansi pa basi amatha kutsikira kwina mwini wake akusinza. Ku Tete kumatentha moti madalaivala a mathiraki amati dzira limapsa pa boneti, ndiye usawasiye pawindo padzuwa. Kukacha basi ili pakati pa tchire, kapena muli pamzere pa malire ena, meza pomwepo ngakhale anthu akukuyang'ana. Botolo la madzi lisakuchoke m'manja. Asilikali akafunsa kuti n'chiyani ichi, aonetse kalata ija, usachite chibwibwi. Wina akakuuza kuti usiye mankhwalawo pa tebulo pake, gwada, pempha, lira ngati kuli kofunika kulira, koma usachoke pamenepo wopanda mankhwala ako.

Za kuopa kujomba kuntchito usandiuze, ndikuzidziwa kuposa iwe. Chipsera chija chili pa msongolo wanga, chimene munkachiseka muli ana kuti chikufanana ndi mapu, chinayamba ngati kabala ka pedulo, kosakwana chikhadabo. Ndinathirapo mchere, n'kumanga ndi mphira wa chubu, n'kubwerera pa siteji. Ndinkati ndikasowa tsiku limodzi makasitomala anga atengedwa ndi a Dyson, mnzanga wa kabaza uja, ndipo madzulo mudya chiyani? Ndinapalasa nako kabalako m'fumbi ndi m'matope mpaka mwendo unatupa ngati papaya, kununkha moti okwera ankatembenuzira nkhope kumbali. Mapeto ake ine, katswiri womanga anzake, ndinamangidwa ndi chitenje cha amayi ako kumsana kwa a Dyson omwewo. Njira yonse ankandinyogodola, "Aise, gwira bwino, lero ndiwe katundu. Ndikulipiritsa ngati thumba la fetereza." Ndinkafuna kuwatukwana koma mphamvu ndinalibe. Ndinakaniza tsiku limodzi, matenda anadzitengera dzinja lonse, ndipo chaka chimenecho munadya gaga. Abwana ako akakana kukupatsa tsiku lokatenga mankhwala, pita basi. Ntchito ikatha ina imapezeka, koma mapapo sindinaone pamene amagulitsa.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi chipinda chimene ukukagonamo. Yohane akuti ndi chamalata, mumagona anyamata ambiri moti wina akatembenuka onse amadzuka, ndipo windo analikhomera chifukwa cha akuba ndi kuzizira. Kuno unkagona wekha m'gowelo, chitseko chili chotsegula, mphepo ikulowa, monga anatiuzira alangizi a zaumoyo. Kumeneko mpweya ndi wobwerekana. Usawabisire anzakowo. Auze kuti uli pa mankhwala, ndipo kuti munthu womwa mankhwala mokhulupirika si woopsa, woopsa ndi amene akutsokomola mobisa. Ena adzakusala, n'zoona, mwina adzakupatulira kapu yako. Zidzapweteka. Koma usayambe kumeza mapiritsi mobisala kuchimbudzi ngati wakuba, chifukwa chimene munthu amachita mobisa sachedwa kuchisiya. Ndipo akaona mkodzo wako wofiira uja n'kuyamba kukuwa kuti walodzedwa, uwaseke, uwauze kuti ndi mankhwalawo. Kumbukira tsiku loyamba lija, amayi ako atatsala pang'ono kuthamangira kwa abusa.

Za chakudya. Mankhwala amenewa amakumba m'mimba, unadzionera wekha njala ya fisi imene ankakusiyira. Kuno amayi ako ankakuthirira nsinjiro m'phala, ankakusungira dzira, ndipo enafe tinkayang'ana kumbali ngati sitikuona. Kumeneko palibe amene adzayang'ane kumbali chifukwa cha iwe. Ndikukudziwa: udzayamba kugona ndi buledi wouma ndi madzi a shuga kuti utumize kenakake kwathu, anthu adziwe kuti mwana wa a Mateyu ali ku Joni. Ndikukuletsa. Mpaka adokotala akumeneko atanena ndi pakamwa pawo kuti wamaliza, usatumize kanthu, kaya ndalama, kaya bulangete, kaya foni imene walonjeza mlongo wako mukunong'onezana kuseri kwa khola, mukuyesa sindinamve. Denga ladontha zaka zonsezi, silidabwa likadonthanso chaka chino. Gula nyemba, gula mazira, gula masamba, udye ngati anakulemba ntchito ya kudya. Mowa usauyandikire. Pa fumbi la simenti manga kansalu pamphuno, ngakhale anzako akutche dzina.

Akuti kumeneko kulinso anthu ogulitsa mabotolo ochiza chilichonse m'mbali mwa msewu, ndi ena olalikira amene amauza odwala kuti kumwa mapiritsi ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Amenewo amanunkhiza munthu wotopa ndi mizere ya kuchipatala, ndipo sapita kwa olemera, amabwera kwa ife. Pemphera, mwana wanga, pemphera kwambiri, ifenso kuno maondo akhala pansi chifukwa cha iwe. Koma ukanena amen, tenga madzi umeze mankhwala ako.

Palinso matenda ena amene ndikuopa kuti unatengera kwa ine. Ife osauka tikalowa m'chipinda chokhala ndi tebulo ndi munthu wovala zoyera, timachepa. Chipewa chimatsika chokha, mawu amathawira m'mimba, ndipo zonse zimene zimatipweteka kunyumba timaziiwala pakhomo. Ndaona bambo wandevu zake, amene njira yonse wakhala akubuula pamsana panga, akufunsidwa kuti chikuvuta n'chiyani, iye n'kuyankha kuti, "Pang'ono chabe, adokotala, mwina n'kutopa," kuopa kutayitsa nthawi anthu ophunzira. Amatuluka ndi mankhwala a kutopa, popeza ndi zimene wanena. Akazi a alangizi aja sankatero. Ankafunsa, n'kufunsanso, mpaka amvetse, ndipo palibe amene ankawaona ngati amwano. Iwe kumeneko udzachepa kawiri, chifukwa ndiwe wosauka komanso mlendo, chilankhulo si chako. Ukhoza kukumana ndi wina pakhomo wokuyang'ana kuyambira kunsapato, n'kukufunsa za mapepala asanakufunse za chifuwa. Usabwerere kukagona. Akakubweza apa, pita pena. Akakubwezanso, bwerera mawa lake ndi Yohane. Ndipo ukalowa nena zonse. Maso akachita chikasu, nena. Mapazi akamayaka moto, nena. Ukayambanso kutuluka thukuta, nena. Akulu anati mukabisa matenda maliro tidzamva, ndipo ine amenewo sindikufuna kuwamva.

Mwina ukudzifunsa kuti ngati ndili ndi mantha chonchi, bwanji sindinakuletse. Ndinayesa, ukukumbukira. Tinali pansi pa mtengo womwe uno, ndinati dikira umalize kaye mankhwala, Joni sathawa. Unandiyankha mofatsa, osandiyang'ana.

"Bambo, Joni sathawa koma malowo athawa. Yohane akuti abwana akufuna munthu mwezi uno, ndikachedwa alowetsa wina. Ndiye ndizingokhala pano, kumadya mazira a ana, inu mukupalasa ndi mwendo umenewo mpaka liti?"

Ndinakulola kuti upite. Chimene chikundiwawa ndi ichi. Ukanakhala mwana wa munthu wa mu ofesi, bwenzi pano uli chigonere pa mphasa mumthunzi, ukumwa mkaka, ulendo ukudikira kuti uchire. Matenda akanakhala omwewa, mapiritsi omwewa aulere, koma iwe ukanakhala ndi chinthu chimodzi chimene ine ndalephera kukupatsa: nthawi yodwala. Wosauka amadwala ali chiimire, amadwala akuyenda. Ndikukutumiza kudziko la eni mapapo ako asanapole, ndipo zikundichititsa manyazi ndi mantha pamodzi. Usaganize kuti bambo ako ndi mwala ukadzaona kuti sakulira mawa pa siteji.

Za amayi ako usade nkhawa, ndi anga amenewo, ndinachita kuwafunsira ndekha iwe kulibe. Chifuwa chawocho nanenso ndachimva, ndipo sindikunamiza, chikundiopsa. Mawa ndikangokukweza pikapu ya ku Boma, ndibwerera kudzawatenga kuti akayezetse makhololo. Ayamba kale nyimbo yawo. "Abambo ake Lonjezo, mawa ndili ndi zochapa, komanso kuli kwaya ya amayi. Tidzapite Lolemba." Ndawayankha kuti zovalazo ndichapa ndine pa mjigo, anthu aseke mpaka atope, ndipo kwaya iimba popanda iwo. Akapezeka nacho chifuwacho adzalandira mankhwala awoawo, ndipo ndidzaima pambali pawo m'mawa uliwonse monga ndinkachitira ndi iwe. Akapanda kupezeka nacho, ndiye kuti mapiritsi ako akanangowavulaza pachabe. Waona? Uku ndi uku mphatso yako ija inalibe kothera kwabwino. Zotsatira zikatuluka ndidzakuuza zoona, kaya zikoma kaya sizikoma, kuti nawenso uzindiuza zoona.

Tsopano m'mawa uliwonse ukhala wopanda wokuimira pambali. Iwe ndiwe mwana amene unapita kukamwetsa mbuzi n'kubwera wekha ukuimba mluzu, mbuzi zitatsala kudambo. Ndiye tipangane chonchi. Ukangomeza, undiflashe. Sindiyankha, sizikudyera mayunitsi. Ine ndisanatulutse njinga ndizikwera pachulu paja pamagwira netiweki, foni ili m'manja, ngati munthu wopenga. Ikalira kamodzi ndidziwa kuti mwana wanga wameza, ndizipita kuntchito mtima uli m'malo. Ikapanda kulira ndidzamuvutitsa Yohane mpaka adzatope nane. Koma usandinamize, Lonjezo. Usaflashe mapiritsi akadali m'chipewa. Bola foni ikhale chete ndidziwe kuti zavuta.

Chomaliza ndi ichi. Masiku amene ndimapita ku Boma kukagula masipeya, ndimaima m'mbali mwa msewu wochokera kumalire. Nthawi zina pamadutsa minibasi yochokera ku Joni ikukoka ngolo. Pamwamba pamakhala mafiriji, mabulangete, njinga zatsopano, ndipo pansi pa lona pamaoneka ngodya ya bokosi. Onse pamsewu amadziwa. Akabaza amavula zipewa, amayi ogulitsa malonda amasiya kuitanira. Ndapitako ku maliro otero m'midzi yathu ino. Si onse amene anabayidwa ndi mipeni kapena kugwa pa nyumba zitalizitali. Ena ukafunsa anzawo amene aperekeza amati, "Amangotsokomola. Timamuuza kuti aise pita kumudzi, iye amati ndikapite bwanji chimanjamanja, anthu akandiseka." Anakhala kumeneko kudikira kuti apeze chobwera nacho, ndipo katunduyo anafikadi, ali pamwamba pawo.

Ndiye tamvera, Lonjezo. Zikakavuta, mankhwala akakasowa, ntchito ikakakulemera, thupi likayambanso kubwerera m'mbuyo, usadikire chilichonse. Gulitsa nsapato, gulitsa chikwama, kwera basi ubwere. Bwera ndi malaya omwe wachoka nawowa. Amene adzakuseke adzaonana ndi ine, ndipo ukudziwa kuti pakamwa panga sipatopa. Palibe firiji, palibe malata, palibe chilichonse cha ku Joni chimene ndikuchifuna pakhomo pano ngati mtengo wake ndi iwe. Udutse pa malire paja uli pampando, maso ali pawindo, ukuyang'ana ngati bambo ako afika. Ndidzakhala ndafika. Kukulandira uli woonda, wopanda kanthu, manyazi ali m'maso, ndingathe ndi manja awiri. Kukavundukula lona sindingathe, mwana wanga. Sindingathe.

Ndine bambo ako,
Mateyu